Galasi Lakhuta, Injini Ili ndi Ludzu

Mkulu amene ndayandikana naye nyumba kuno ku Suame, mumzinda wa Kumasi, mowa salawa, koma amamwetsa magalimoto. Injini ya tabo, ija yokhala ndi kachipangizo kokankhira mpweya wambiri mkati, ikamatentha kwambiri, iye amaiikira kapampu kofayira madzi osakaniza ndi sipiriti wa methanolo m'njira ya mpweya, kuti izizizira mkati n'kumakoka mwamphamvu. Posakaniza amatsinzina diso limodzi n'kumati, "Theka madzi, theka sipiriti. Galimoto ili ngati mkulu wa mpingo: izimwa pang'ono, anthu asadziwe."

Vuto lake n'kuumira. Thanki yapadera sagula, amangothira zonsezo m'kathanki ka madzi otsukira galasi.

Nyengo ya fumbi itafika, mkamwini wake Boakye anabwera kuchokera kumzinda wakutali wa Tamale, galimoto imene mkuluyu anaiikira kapampu ikugogoda ngati mmisiri wa zidebe. Galimoto yomweyo ndi imene imadyetsa zidzukulu za mkuluyu.

"Bambo, mankhwala anu aja ndi abodza," anatero Boakye. "Pamtunda ndapitiriridwa ndi njinga."

Mkuluyu anasuzumira m'kathanki, gwaa, mouma. Kenako anayang'ana galasi, mbee!

"Mwanawe, watsuka kangati galasili?"

"Njira yonse, bambo. Fumbi lake lija munthu ungaone?"

"Ndiye galasi lakhuta, injini ikufa ndi ludzu! Mwana wanga ndinam'pereka kwa munthu wotani?"

Sanagulebe thanki ina. Anangodula kapaipi kopita kugalasi, n'kumupatsa Boakye kansanza.

"Kuyambira lero galasi lasiya mowa. Likamva ludzu, uzililavulira."