Achimwene a m'Zidole za Salim

Pa Songani, kuseri kwa anthu okazinga nyama ya mbuzi, pali kashopu ka matabwa kolembedwa dzina la Salim ndi penti yofiira. Ntchito yake ndi yobena, kutanthauza kuti munthu amabwera ndi foni kapena memori, Salim n'kumuikiramo nyimbo ndi mafilimu kuchokera m'kompyuta yake. Si ntchito yachilendo ayi, pa msika uliwonse pamakhala wobena. Chimene chinamusiyanitsa Salim ndi anzake ndi makatuni a ku Japan.

Iye amawatchula kuti anime. Anthu a pa Songani amati zidole, ndipo ngakhale wakhala akuwakonza kwa zaka zambiri, palibe ndi mmodzi yemwe amene anasintha. Makatuniwa anayamba kuwaonera atangomaliza folomu folo, pamene Tony, mnzake wa ku sekondale ya Masongola amene anapitiriza maphunziro ku yunivesite, anamusiyira fulashi yodzaza. Salim anadabwa kuona zojambula zikulira maliro, zikukana chakudya chifukwa cha chikondi, zikuweramira akuluakulu ngati ana oleredwa bwino. Zinamupweteka kuti anthu akwawo sangamve, pakuti mawu ndi a Chijapani, ndipo Chingerezi cholembedwa pansi chimadutsa munthu asanafike ndi pakati pomwe.

Ndiye anayamba kumasulira yekha, monga amachitira anthu aja olankhulira mafilimu a nkhondo m'Chichewa. Ankafunda bulangete dzuwa likuswa mtengo, kuti mawu a makondakitala oitanira a ku Liwonde asalowe mu maikolofoni, n'kumalankhula m'malo mwa aliyense: nkhalamba, chilombo, mtsikana. Mphatso anali nayo, zimenezo sangakane munthu. Ankaikamo ndi zake, Chiyao pang'ono, nthabwala za ku chigayo, moti anthu ankachokera ku Domasi kudzabenetsa kwa iye.

Chaka chimene nkhaniyi inachitika, Salim anali atafunsira Warda, mtsikana wa ku Mbedza amene ankakwera phiri la Zomba kukagulitsa magalagadeya ndi masitirobere kwa alendo. Mawu omaliza pa ukwatiwo sanali a makolo a Warda, anali a mwinimbumba, amalume ake Che Mahmud, telala wa mumsika wa m'tauni. Che Mahmud anazengereza nthawi yaitali. "Mwamuna wa ndevu zake kumasewera ndi zidole?" ankatero. Koma ataona kuti Salim samwa, Lachisanu salephera ku mzikiti, ndipo pakhomo pa shopu yake pamakhala mzere, anavomera kuti ukwati udzamangidwe Ramadhani ikatha.

Nthawi imeneyo Salim ankamasulira nkhani yaitali ya mnyamata wosula malupanga ndi mtsikana wa tsitsi lobiriwira amene ankamutsatira paliponse. Ndi bwino kufotokoza apa kuti bandulo ya intaneti ndi yodula, choncho sankatsitsa nkhani yonse pakamodzi. Ankatsitsa gawo limodzi, kumasulira, kugawa, kenako lina. Mathero ake sankawadziwa, ngati mmene sankawadziwira makasitomala ake.

Mtsikana uja ankaitana mnyamatayo kuti "oniichani", ndipo Chingerezi cha pansi chinkati mnyamatayo ndi mlongo wake wamkulu. Salim sanavutike nazo, anangoti achimwene. Akanalekera pomwepo mwina zikanakonzeka, pakuti kuno ngakhale wa njinga ya kabaza timamuitana achimwene. Koma pofuna kukometsa anaonjezera. Mtsikana akagwira dzanja la mnyamata, Salim ankachepetsa mawu n'kunena kuti, "Achimwene, musandisiye, ifetu tinayamwa bere limodzi." Akakhala pansi kuti adye, ankati, "Mayi athu akanationa lero." M'Chijapanimo munalibe zimenezo. Anthu anazikonda kwambiri, ndipo azimayi ena ankauza ana awo okangana kuti azitengera chitsanzo pa awiri aja.

Gawo lomaliza analitsitsa m'mawa wina chifunga chitaphimba phiri. Analionera yekha, bulangete lili pamwendo. Nkhondo inatha, mnyamata anataya lupanga, n'kupsompsona mtsikana uja pakamwa. Chithunzi chotsatira chinali cha ukwati. China chotsatira, mwana ali m'manja.

Salim anafunsa pa gulu la Watsapu la okonda anime, limene Tony anamulowetsamo. Anamuyankha ndi tinkhope toseka tokhatokha. Kenako Tony anaimba.

"Aise, sumadziwa? Si apachibale amenewo. Anangokulira nyumba zoyandikana basi. Kumeneko kamtsikana kamaitana choncho mnyamata aliyense wamkulupo amene kanazolowerana naye."

"Nanga Chingerezi chija chimanamiranji?"

"Chimangolemba chimenecho. Iwe ukanayamba waonera yonse kaye."

"Ndi bandulo yake iti? Ukuyesa kuno ndi ku yunivesite?"

"Chabwino, DJ wamkulu. Usatulutse gawo lomalizalo. Uwauze kuti a Japani analekera pomwepo."

Anachita zomwezo, koma intaneti si ya munthu mmodzi. Anthu atatopa ndi kudikira, wobena wina wa m'tauni anatsitsa gawolo n'kuligawa losamasulira. Panalibenso chofuna kumasulira, maso anadzionera okha.

Poyamba zinali zoseka. Salim akamadutsa, okazinga nyama aja ankachepetsa mawu: "Achimweneee, tinayamwa bere limodzi!" Wina anadula kachidutswa ka mawu akewo n'kukalumikiza ndi chithunzi cha kupsompsonana, ndipo kanayenda m'mafoni kuposa nkhani yonse ija. Kenako kuseka kunachepa, kunayamba kunong'onezana. Kuno aliyense anamvapo zoti munthu wofuna kukhwimira bizinesi, sing'anga amatha kumulamula chizimba choti agone ndi mlongo wake. Kaya n'zoona kaya n'zabodza, zimanenedwa. Tsono Salim ali ndi mlongo, dzina lake Amisa, amene ankamubweretsera chakudya ku shopu n'kukhala pa benchi kumaseka nthabwala zake. Anthu anaphatikiza okha: mzere wa makasitomala uja, zidole zokwatirana pachibale, ndi Amisa pa benchi. Amisa anasiya kubwera ku shopu. Posakhalitsa anasiyanso kupita ku mjigo anthu akachuluka.

Salim anaganiza kuti chimene mawu anawononga, mawu ena angachikonze. Asuweni! Msuweni amaseredwa, msuweni amakwatiwa, ndipo palibe amene amatsegula pakamwa. Anatseka shopu n'kubwereza nkhani yonse kuyambira gawo loyamba, pamene panali achimwene akuikapo asuweni, za bere zija akuchotsa. Anamaliza mawu atasasa. Yatsopanoyo ankaigawa ulere, n'kumapempha aliyense kuti afufute yakale. Ankavomera ndi mutu. Koma yakale inali italowa kale m'mamemori a ku Jali ndi ku Malosa, kwa anthu amene nkhope yake sanaionepo. Ndipo amene anaonera zonse ziwiri ankafunsana kuti, "Nanga akusinthiranji ngati panalibe kanthu?"

Chimene chimamusowetsa mtendere Salim mpaka lero n'chakuti makina amenewa, amene iye ankawayamikira kuposa wina aliyense pa Songani, amagawa mosavuta koma sadziwa kuitanitsa zimene agawa. Batani lofufutira lilipo, koma limafufuta za m'kompyuta yako yokha.

Che Mahmud anamuitanitsa. Salim anawapeza pakhonde mumsika akupalasa makina osokera, ndipo atayankha salamu sanasiye kusoka. Atafika kumapeto kwa msoko anatulutsa foni m'thumba la mkanjo n'kuseweretsa kachidutswa kaja.

"Che Salim, mawu awa ndi anu?"

"Ndi anga, bambo, koma ndinalakwitsa pomasulira. Anthu aja si apachibale. M'Chijapani muli mawu ena ake amene..."

"Ine Chijapani sindichidziwa. Ndikufunsa za Chichewa. Bere limodzilo anakuuzani ndi a Japani?"

"Ayi, bambo. Ndinaonjezera ndekha."

"Ndiye kuti zinachokera m'mutu mwanu."

"Kunali kukometsa chabe. Ndakonza, panopa ndi asuweni. Ndingathe kukuonetsani."

Che Mahmud anadula ulusi ndi mano. "Za mankhwalazo ine sindizikhulupirira, ndine munthu woswali. Koma mwana wa mlongo wanga akamapita kotunga madzi, ndizimutsatira pambuyo ndi foni kumaonetsa anthu asuweni anuwo? Mbumba ndi yanga, Che Salim. Ukwati uja kulibe."

Tsiku lotsatira Salim anakwera phiri wapansi. Anamupeza Warda m'mbali mwa msewu wopita ku damu, beseni la magalagadeya lili pamapazi, manja atawabisa m'juzi chifukwa cha kuzizira.

"A Salim, mwabwera kudzatani kuno? Amalume akamva ndiye mwandiputira zina."

"Ndimafuna ndimve kwa iwe mwini."

"Inetu ndikudziwa kuti n'zabodza. Amisa ndi mnzanga, ndimamudziwa." Anayang'ana kumene kunakhala azimayi ogulitsa mbatatesi, n'kutsitsa mawu. "Koma dzulo amayi awo anandifunsa kuti ndikakwatiwa ndizidzagona pakati kapena kukhoma."

Warda anayesa kuseka, kenako anapukuta maso ndi nsonga ya mpango wake.

"Tiye tichoke," Salim anatero. "Tipite ku Liwonde, ndikatsegula shopu ina. Zidole ndasiya, sindidzagwiranso."

"Ku Liwonde kulibe mafoni?"

Galimoto ya alendo inaima chapatali, Warda ananyamula beseni n'kuthamangira komweko pamodzi ndi anzake, ndipo itachoka sanabwerere pamene anakhala paja. Anakakhala pakati pa azimayi a mbatatesi aja.

Ramadhani isanathe, Che Mahmud anamutumiza Warda kwa achibale awo ku Mangochi. Salim akubenabe pa Songani: nyimbo za kwaya, makaswida a Chisilamu, mafilimu a ku Nigeria. Mzere uja unatha, amene amabwera amapereka memori atayang'ana kumbali. Pa gulu la okonda anime anatulukapo, ngakhale kuti ndi okhawo amene ankadziwa bwino kuti iye sanalakwire mlongo wake, anangolakwitsa mawu.

Salim amamulemberabe Warda pa Watsapu. Chithunzi cha Warda chinachokapo, m'malo mwake pali kamthunzi kotuwa, ndipo uthenga uliwonse umaima pa kachongi kamodzi. Tony atabwera ku holide anayang'ana foniyo n'kumuuza mosabisa.

"Anakubuloka, aise. Zikatere ndiye kuti anakubuloka."

Salim, amene amadziwa mafoni kuposa Tony, anailanda n'kunena kuti ku Mangochi netiweki imavuta, makamaka kumidzi. Tony atachoka, analembanso uthenga wina.