Chinangwa Pamsewu wa Amalume

Munda umene amayi anandisiyira ku Yofu ndi waung'ono. Uli pachitunda, pakati pa nyumba yanga m'munsi ndi nyumba ya amalume pamwamba. Kwathu kuno dothi ndi lochepa, miyala ndiyo yambiri. Amayi ali moyo ankatola miyala imeneyo n'kumaisanja m'mizere yopingasa kuti mvula isamakokolole nthaka. Atamwalira munda uja unakhala wanga, ndipo panalibe amene anatsutsa.

Amalume ndi mlongo wawo wa amayi. Anakhalitsa ku Joni, moti ine ndinakula ndikungowamva dzina. Anabwerera kumudzi ine ndili woyembekezera mwana wanga woyamba. Galimoto yawo inawalondola pambuyo, pa bwato lalikulu lonyamula katundu. Tsiku limene inafika, anthu a ku Chipyela anasiya malonda awo kukaonerera. Anayala matabwa kuchokera pabwato kufika pamchenga, amuna n'kumakankha, ena kumangokuwa osagwira kanthu. Inali pikapu yoyera, yakale ndithu, koma yopukutidwa mpaka kunyezimira. Pachilumba pano galimoto n'zowerengeka. Tonse timayenda pansi.

Amalume ankaikonda galimotoyo kuposa mmene ndinaonera munthu akukonda kanthu. Mbiri ya kampani imene inaipanga ankaidziwa ngati katekisimu, ndipo ankaifotokozera aliyense amene waima pafupi.

“Anthu amene anapanga iyi, ku Japani uko, sanayambe ndi galimoto ayi,” ankatero akusisita chitseko. “Anayamba ndi makina owombera nsalu. Mwana wa mwini wake ndiye anapita kunja kukaona mmene anzawo amapangira galimoto. Zoyamba zinkafera m'njira, koma iwo osataya mtima. Ankapita okha kukagona kunsi kwake kuti aone chalakwika. Lero pitani dziko lililonse mukaipeza. Funsani aliyense amene ali nayo ngati anadandaulapo.”

Mnzawo wa paubwana, msodzi wokalamba wa pafupi nafe, sankawaopa.

“Ndiye mwatibweretsera makina a nsalu, atchona inu? Itiwombereko zitenje, akazi athu avale.”

“Iwe umadziwa bwato basi. Galimoto iyi siwonongeka. Imangopuma.”

“Nanga ipita kuti? Mukangoponda moto pang'ono mwagwera m'nyanja!”

Anthu ankaseka, inenso ndinkaseka chobisa nkhope. Sindinadziwe kuti nkhaniyi idzathera m'munda mwanga.

Vuto linali loti galimoto sinkafika kunyumba kwa amalume. Msewu umathera m'munsi, ndipo kuchokera pamenepo pali kanjira ka mapazi kokha. Amalume sankagona tulo poganiza kuti galimoto yawo ikugona kutali nawo.

Nthawi imeneyo ndinali nditangokumba chinangwa cha mbali ina ya munda. Sindinabzalemo china chifukwa mimba inali itakula, kuwerama kunkandivuta. Mwamuna wanga anali tsidya, ku Mozambiki, kumene anatsatira usipa ndi anzake. Ndinapita kuchipatala ku Chipyela, ndipo kubereka kwanga kunali kovuta, moti anandisunga masiku angapo.

Pobwera, mwana ali m'manja, ndinapeza msewu wofiira utadutsa pakati penipeni pa munda wanga. Mizere ya miyala ya amayi anali ataigumula, miyala ataiponya m'mbali ngati zinyalala. Pamwamba, pakhomo pa amalume, galimoto inali itaima mumthunzi wa mango.

Ndinaima pamenepo, anthu obwera kudzaona mwana atandizungulira. Amalume anatsika akumwetulira, nadzamuona mwana.

“Wafanana ndi malemu mlongo wanga ameneyu. Waona msewu? Tsopano mwana akadwala sudzavutika. Usadandaule, sitinazule mbewu yako ngakhale imodzi. Ine ndine Mkhristu, sindingazule chimene munthu wabzala. Panali pambalambanda. Malo opanda mbewu amakhala akudikira ntchito.”

Ine ndinabadwa wamanyazi. Kusukulu, zaka zochepa zimene ndinapitako, aphunzitsi akandiloza ndinkangoyang'ana zala za kumapazi. Tsiku limenelo mawu anadzaza pakhosi, koma amene anatuluka anali akuti, “Zikomo, amalume.” Mawu awiri amenewo amandiwawabe mpaka lero.

Mwamuna wanga atabwera anaima pamsewu paja nthawi yaitali, kenako anati, “Ndi amalume ako. Ine ndine mkamwini pano, ndilankhule chiyani?” Ndinadziwa kuti nkhaniyi ndi yanga ndekha.

Mvula itayamba, madzi anapeza njira yawo mumsewu muja. Ndinkakhala pakhonde ndikuyamwitsa, kumaona dothi limene amayi analisunga moyo wawo wonse likutsetsereka, lofiira ngati magazi, kupita kunyanja. Mbali yotsala ya munda inayamba kugumuka m'mphepete. Chinangwa china chinaonekera mizu chisanakhwime. Galimoto ikamadutsa, amalume ankaliza hutala kundipatsa moni, ine n'kumagwada monga mwa ulemu. Mumtima ndinkaitemberera kuyambira kumatayala mpaka kudenga. Posinja ndinkakonza mawu oti ndikawauze, mawu akuthwa, oyalana bwino. Ndikangowaona, onse ankathawa.

Mwana anadwaladi kamodzi, thupi linatentha kwambiri. Ndinamubereka kumbuyo n'kuyenda wapansi mpaka ku Chipyela. Sindinafune kukwera chinthu chimene chinadya munda wa amayi.

Tsiku lina m'mawa ndinamva galimoto ikukhosomola pamwamba paja. Inakhosomola, n'kukhala chete. Anayesanso, chimodzimodzi. Amuna anasonkhana, mitu yonse m'injini. Makaniko amene amakonza injini za maboti anabwera, nanena kuti dizilo wa m'chigubu amene amalume anathiramo anali ndi madzi, ndipo pampu yafa.

“Yapuma, atchona?” anafunsa msodzi uja.

“Si vuto la galimoto,” anatero amalume. “Ndi mafuta anu akubawa. Ngakhale munthu wamphamvu ukamumwetsa zoipa amagona.”

Pampu yoteroyo pachilumba panalibe. Amalume anakwera sitima kupita ku Nkhata Bay, kuti akapitirire ku Mzuzu kukaifuna. Tinamva kuti kumeneko sinapezeke msanga, akudikira kuti ichokere kwina.

M'mawa wotsatira ndinatuluka panja n'kuyang'ana msewu uja. Unali duu, wonyowa, wopanda mbewu. Mawu a amalume anandibwerera okha. Ndinamanga mwana kumbuyo, ndinatenga khasu.

Sindinabise kanthu. Ndinagwira ntchito dzuwa likuswa mtengo, aliyense akuona. Ndinayambira m'munsi, kuunda mitumbira kuchokera mbali ina ya msewu kufika mbali inayo. Dothi linali litachepa, ndiye lina ndinkalisenza pa beseni kuchokera kumene madzi analiunjika. Thupi linali lisanabwerere bwino, msana unkayaka moto, koma mkwiyo umalimitsa kuposa phala. Mbewu ndinakapempha kwa anzanga ku Khuyu. Anandifunsa ngati ndikufuna chinangwa chozuna, chofulumira. Ndinati ayi, ndikufuna chowawa chija, chochedwa kukhwima, chimene chimakhala m'nthaka osaola.

Ndili pafupi kufika pamwamba, akazi awo a amalume anatuluka ndi ndowa. Iwo ndi amene ankatunga madzi otsukira galimoto m'mawa uliwonse, kuchokera kunyanja kukwera nawo chitunda chonse. Anaima, nayang'ana mitumbira, nandiyang'ana ine.

“Make mwana, ukutani?”

“Ndikubzala, amayi.”

Kenako anati, “Ine maso anga akuvuta masiku ano, sindiona patali. Koma mtumbira uwo wapafupi ndi mango waupanga waung'ono. Uonjezere dothi.”

Pamene amalume ankatsika sitima ndi pampu yawo, timitengo tonse tinali titaphuka. Msewu unali wobiriwira kuyambira pansi mpaka pakhomo pawo. Ndinawaona akubwera ndi kanjira ka mapazi, katoni ili m'khwapa. Anaima. Anavula chipewa, navalanso.

“Iwe mwana! Ichi n'chiyani?”

Ndinagwada pansi monga mwa masiku onse. Koma ulendo uno mawu anali ochepa, ndipo sanali anga.

“Panali pambalambanda, amalume.”

“Ukuti chiyani? Kweza mawu!”

“Panalibe mbewu. Malo ankadikira ntchito.”

Msodzi uja anali pafupi akusoka ukonde. Anaseka mpaka kutsokomola.

“Zulani, atchona! Zulani tione. Lamulungu tidzakuonerani kutsogolo kuja mukuwerenga mawu.”

Kwathu kuno munthu akhoza kukangana nawe za malire, akhoza kukulanda malo ogonera bwato, anthu n'kumangoti ndi nkhani za pachibale. Koma wozula chinangwa chimene mnzake wabzala amaonedwa ngati mfiti. Chakudya chimavuta pachilumba pano, ufa wambiri umachita kubwera pa sitima. Amalume ankadziwa zimenezi. Ankakhala mpando wakutsogolo kutchalitchi, ndipo anali atanena okha pamaso pa anthu kuti sangazule mbewu ya munthu. Anatuma anyamata amene anawalambulira msewu poyamba paja kuti akazule, koma anyamatawo anakana. Wina anati amayi ake angamuthamangitse pakhomo.

Pampu anaiika, galimoto inalira bwino lomwe. M'mawa uliwonse amalume ankailiza, kuiyendetsa kuchokera pa mango kufika pa khola la mbuzi, n'kubwerera chambuyo. Alendo akabwera ankawauzabe za makina a nsalu ndi za mwana amene anapita kunja.

“Mwaimva injiniyo? Ngati yatsopano. Anthu aja amadziwa ntchito.”

Ine ndinkapalira chinangwa changa pafupi pomwepo, utsi wa dizilo ukundipeza. Sindinamvepo fungo lokoma ngati limenelo.

Anadikira. Ankaganiza kuti tsiku lina ndidzakumba chonse, malo adzakhalanso poyera. Anakhalitsa kunja amalume, anaiwala mmene timalimira kwathu. Ife sitikolola chinangwa tsiku limodzi ngati chimanga. Umakumba phata limodzi kapena awiri, zokwanira kuviika sabata imeneyo, ndipo usanachoke umadula mtengo wake n'kuubzala pomwepo. Munda sukhala wopanda mbewu. Pamene chinakhwima, mwana wanga anali akuyenda kale. Amalume anatsika kudzaonerera ndikukumba phata loyamba, nkhope yawo ili yowala. Anandiona ndikudula mtengo, ndikuunda dothi, ndikuzika. Kuwala kuja kunazima.

“Mwana wa mlongo wanga,” anatero ndi mawu ofewa amene ndinali ndisanawamvepo, “tsiku limodzi lokha. Ndingoitsitsa, basi. Mbewu zimene ziwonongeke ndidzakubwezera.”

Ndinayang'ana pansi. Ndinaganiza za manja a amayi, mmene ankang'ambikira ndi miyala ija.

“Mukabweza dothi limene linapita kunyanja, amalume, mudzadutse.”

Anakwera kwawo pang'onopang'ono.

Mapeto ake anaitana asodzi a chilimira, amuna ozolowera kukoka ukonde wolemera. Anamanga galimoto ndi zingwe zawo n'kuitsitsa mbali ina ya chitunda, kumene kuli miyala yokhayokha ndipo palibe munda wa munthu. Ntchitoyo inatenga tsiku lathunthu. Ena ankagwira zingwe kumtunda, ena ankaika matabwa kunsi kwa matayala, akuimba monga amachitira kunyanja. Amalume ankathamanga uku ndi uku akukuwa, “Pang'onopang'ono! Samalani chitseko!” Mwala wina unaikala m'nthiti kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Phokoso lake ndinalimva ndili m'munda mwanga, ndipo ndinasiya khasu kuti ndilimve bwino. Itafika pansi inalira atangoiliza kamodzi kokha, amalume n'kutembenukira anthu.

“Mwaona? Ina ikanafera pomwepa!”

Pamenepo sananame. Galimotoyo ndi yolimba, ndipo ikuyendabe mpaka pano. Imanyamula simenti ndi matumba a ufa kuchokera kudoko. Mwini wake sanaidandaulepo ngakhale tsiku limodzi. Ine ndilibe nayo mlandu kampani ya ku Japaniyo. Mlandu wanga uli ndi amalume, ndipo sunathe. Munda ndinaupeza, koma si uja wa kale. Pakati pake chinangwa chimabereka timizu towonda, chifukwa pansi pali mwala. Mizere ija ndikuisanjanso ndekha, mwala umodziumodzi, mwana akusewera pambali. Akazi a kutchalitchi amandiuza kuti ndikhululuke. Ndimawayankha kuti ndamva.

Masiku ano galimoto imagona m'munsi, kumene msewu umathera. Amalume amaopa kuti anthu angawabere batire, ndiye madzulo aliwonse amalimasula n'kulinyamula paphewa kukwera nalo kanjira ka mapazi. Batire ndi lolemera, ndipo iwo akukalamba. Kanjirako kamadutsa m'mphepete mwa munda wanga. Ndikawaona akubwera, thukuta lili kamukamu, ndimasiya chimene ndikuchita, ndimagwada bwinobwino, n'kuwapatsa moni wautali. Ndimafunsa za thupi lawo, za akazi awo kunyumba, za mbuzi, za ulendo wa ku Chipyela. Mwambo suwalola kudutsa osayankha. Amaima pamenepo batire lili paphewa, akupuma mwabefu, n'kumayankha limodzilimodzi mpaka mafunso anga atatha.