Nthochi za m'chipinda chopumulira

Chaka chomwe ndinkachita digiri yachiwiri payunivesite ina ku Hillhead, kutsidya kwa nyanja, yophunzira maganizo ndi khalidwe la anthu pantchito, ndinkagwiranso ntchito panyumba ina yosamalira okalamba ku Maryhill. Kafukufuku wanga ndinachitira komweko. Kwa miyezi itatu ndinkafunsa anzanga chomwe chinkawatopetsa, ndipo yankho linali limodzi: tachepa, misana yatha ndi kunyamula okalamba. Mayi ena achikulire, omwe tinkapemphera mpingo umodzi, mpaka analira pondifotokozera. Ndinawalonjeza kuti mawu awo akafika kwa akuluakulu.

Anafikadi. Bwana wathu anawerenga lipoti la kafukufuku wangayo nandiyamikira, mano onse pamtunda, ati ndagwira ntchito yotamandika. Lolemba lotsatira tinapeza mbale ya nthochi m'chipinda chopumulira, ndi chipepala pakhoma chotiphunzitsa kukoka mpweya pang'onopang'ono tikatopa. Koma kulemba wantchito wina, ngakhale mmodzi, ayi ndithu. Anatiyesa tiana tolira, totonthola ndi chakudya! Mpaka lero ndikakumbukira ndimapsa mtima.

Tsiku limenelo mayi aja anatola nthochi imodzi, naitembenuzatembenuza, kenaka anandiyang'ana.

"Mwanangu," anatero, "kodi ine ndinkalirira nthochi?"