Legeni wa pa Valavu Anamwetsa Mwana Wanga Zam'chimbudzi

Inu owerenga, ndiulule poyera: ndine bambo amene ndinamwetsa mwana wanga zonyansa za m'chimbudzi chifukwa chodziyesa wodziwa zonse.

Nthawi imeneyo tinkachita lendi ku Chinsapo, ine, mkazi wanga ndi mwana wathu Tadala, wazaka ziwiri. Kuseri kwa nyumba, pafupi ndi chimbudzi chokumba, kunali kadzenje momwe munali valavu yotsekera madzi opita kumpopi wathu. Valavuyo inayamba kudontha. Mayi a Tadala anati ndiitane a Phiri, pulambala yemwe ankakhala chapafupi. Ine ndinaseka. Zoona mwamuna ndevu pepeya n'kukaitana mwamuna mnzake chifukwa cha kadontho? Ndinadula legeni ku chubu chakale cha njinga, monga timachitira ambirife m'makomboni muno, n'kukulunga valavuyo zolimba. Ndinakwirira ndi dothi, pamwamba n'kuikapo njerwa, basi ndikuyenda monyang'wa.

Dzinja litafika chimbudzi chija chinadzaza, madzi ake n'kumasefukira kuseri konse. Ndipo mukuwadziwa madzi a m'tauni muno: lero alipo, mawa mpopi uli gwa. Akabwerera ankatuluka ofiirira, ali ndi kafungo kachilendo. Mkazi wanga ankanyansidwa nawo, koma ine ndinam'tseka pakamwa. Ndinati ndi matope a mvula chabe, angowasiya m'ndowa akhazikike. Atanena zowiritsa, ndinati n'kutha makala pachabe. Pofuna kuonetsa kuti palibe vuto, ndinatunga m'kapu ndi dzanja langa lomweli n'kumwetsa Tadala.

Patapita masiku awiri mwana anayamba kutsegula m'mimba ndi kusanza kosalekeza. Maso analowa m'kati, khosi lili lende, ngakhale mphamvu zolirira analibe. Kuchipatala anamuika diripi. Namwino atafunsa za madzi amene timamwa, mkazi wanga anangondiyang'ana.

Ndinachoka pomwepo n'kukagogoda kwa a Phiri, matama onse atathera m'njira. Iwo anachotsa njerwa ija n'kufukula ndi fosholo. Abale inu, fungo lake! M'kadzenjemo munali chithaphwi chakuda bii, mphutsi zili yakaliyakali. Legeni wanga uja anali atamasuka, atamatirira zonyansa zokhazokha. Ndinatembenuka n'kusanza pakhoma pomwepo.

"Bambo a Tadala, madzi akasiya kubwera, paipi imakoka zakunja," anatero a Phiri atagwira mphuno. "Podontha paja ndi pomwe zonsezi zimalowera. Madzi akabwera, zimakatulukira kumpopi kwanu."

Anamasula valavuyo ndi sipanala n'kundionetsa kamphira kam'kati kotheratu, kakang'ono ngati batani la shati. Anaikamo katsopano, n'kukweza paipi kuti isakhalenso m'dothi. Ntchito yonseyo sinathe ngakhale ola limodzi. Ine ndinangoima poteropo, ndikudzinyansa ndekha kuposa chithaphwi chija.

Mulungu ngwachifundo, Tadala anatuluka m'chipatala patatha sabata. Titafika kunyumba anapempha madzi. Ndinathamangira owiritsa amene ndinakonza ndekha, koma ndisanam'fikitse kapu pakamwa mayi ake anandilanda.

"Bweretsani kuno. Mwana uyu simudzam'mwetsanso madzi inuyo."

Sanakuwe, sanatukwane, koma bola akanandimenya mbama.

Choncho abambo anzanga, valavu ikadontha musaikwirire. Legeni ngwomangira katundu panjinga, osati madzi akumwa. Itanani wodziwa ntchito yake, kufunsa sikuchotsa ndevu. Madzi akasintha mtundu kapena fungo, wiritsani, ndipo mayi wa pakhomo akakayika mumvereni. Tadala pano ndi namwali, nkhaniyi saidziwa n'komwe. Koma mpaka lero akandipempha madzi, ndimamuuza kuti akatunge yekha.