Makobili amene azakhali anakwecha

Koleji ndinaisiya chaka choyamba chisanathe. Ndinakangana ndi mphunzitsi wina, ndinamenyetsa chitseko, sindinabwererenso. Anthu amati ndine wa mtima wapachala, ndipo sanama. Chimene sindinachiganizire tsiku limenelo n'chakuti viza yanga inali ya mwana wasukulu. Ukasiya sukulu, mapepala nawo amafa. Kuyambira pamenepo ndinkakhala mu South Bend, ku America, ngati khoswe wam'denga. Galimoto ya polisi ikangodutsa pamsewu wathu, ndinkachoka pawindo, chifukwa ndinkadziwa kuti funso limodzi lokha, lakuti tione chiphaso chako, likhoza kundikweza ndege.

Ntchito yolembedwa sindikanaipeza, ndiye ndinayamba geni ya makobili. Kuno kuli anthu amene amatolera ndalama zachitsulo zakale, ndipo amalipira bwino. Ndinkagula marolo, timipukutu ta makobili tokulunga m'pepala, kwa anthu amene makolo awo amwalira n'kusiya zitini m'galaja, kenako n'kumagulitsa pa intaneti. Geni imeneyi ili ndi lamulo limodzi lalikulu: kobili lakale satsuka. Kuda kwakeko ndiye mtengo wake. Ukalitsuka walipha.

Ndinkakhala kwa azakhali, alongo awo a bambo anga, amene amagwira ntchito kunyumba yosamalirako okalamba. Za lamuloli sindinawauze. Iwo geni yangayo ankaitcha zoseweretsa za ana.

Tsiku lina ndinapeza rolo ya madayimu, makobili a siliva a masenti khumi, akale kuposa agogo anga, ena akuda ngati kunsi kwa poto, ena obiriwira m'mphepete. Ndinawayala patebulo la kukhitchini, ndinajambula, ndinaposita. Madzulo omwewo bambo wina wa ku Lawrence, mbali ya Indianapolis, anagula. Ndinawasiya patebulopo. M'mawa ndinapeza atakulungidwa kale bwinobwino, pepala lopinda mbali zonse. Ndinangoti azakhali andithandiza, ndinaika m'kabokosi, ulendo ku positi.

Sabata isanathe meseji inabwera. Bamboyo anati makobili amene walandira si amene anali pachithunzi, ndamubera, ndasinthanitsa. Ndinamuyankha nthawi yomweyo, mawu amene sindingawalembe pano, mpaka ndinatchulamo maso ake ndi ukalamba wake. Iye sanatukwane. Anangotumiza chithunzi: madayimu akuwala ngati masipuni a paukwati. Pansi pake analemba kuti kubera munthu kudzera pa positi ndi mlandu waukulu, ndipo akaripota ku polisi.

Ndinathamangira kukhitchini foni ili m'manja. Azakhali anayang'ana chithunzicho n'kumwetulira.

"Ndinakwecha ndine, ndi soda ndi sitiliwulu. Katundu wakuda chonchija ungatumizire munthu? Aziti a ku Malawi ndi auve?"

Ndinakalipa. Ndinawakalipira azakhali anga enieni m'nyumba mwawo, mpaka ana awo anatuluka kuchipinda n'kumandifunsa m'Chingerezi ngati ndapenga. Nditatchula mawu akuti polisi, azakhali anakhala pansi. Za mapepala anga ankazidziwa.

Ndinalembera bamboyo kuti ndimubwezera ndalama zake zonse pompo. Anakana. Anati akufuna aone nkhope ya munthu amene anamutukwana. Tikumane Loweruka masana pamalo oimika magalimoto a polisi ya ku Lawrence, apo ayi alowa yekha m'katimo ndi kabokosi kake. Anthu ambiri ogulitsana zinthu pa intaneti amakumana pamalo otero chifukwa pali makamera, zimenezo ndinkazidziwa. Koma ine malo amenewo ndinkawalambalala ngati manda.

Masiku otsatirawo ndinaganiza zokwera sitima ya ku Chicago n'kukasowa kumeneko. Koma kabokosiko kanali ndi adiresi ya azakhali, ndiye akanabwera kudzagogoda pakhomo pawo. Azakhali anati kwathu mwana sapita yekha kumlandu, wamkulu ndiye amakapepesa. Ndinawauza kuti kuno si kwathu. Anati munthu ndi munthu kulikonse. Anasinthana shifiti ndi mnzawo, anakazinga mandasi, anamanga chitenje pamwamba pa buluku, tinanyamuka.

Msewu wa ku Indianapolis ndi wautali, minda ya chimanga mbali zonse, popanda ngakhale phiri loti maso apumirepo. Azakhali ankaimba nyimbo za kutchalitchi chapansipansi. Ine ndinkangowerenga zikwangwani, kulingalira kuti mwina ndikuziona komaliza. Ndinali nditavala malaya awiri ndi sokosi zokhuthala, poti ndinamva kuti m'zitokosi zawo mumazizira.

Tinamupeza atatsamira galimoto yake, mkulu wamtali, wa imvi, kapusi kumutu. Kumbuyo kwake magalimoto a polisi anali ndandanda. Sanatipatse moni. Anatsanulira madayimu aja pa boneti, kenako anatulutsa foni n'kuyamba kuwerenga meseji yanga ija mokweza, liwu ndi liwu, mosafulumira. Atafika pa za maso ake anavula magalasi n'kundiyang'ana. Mantha anali pomwepo, komabe mkwiyo unandigwira, pakamwa panatseguka pokha. Azakhali ananditsina pantchafu, kutsina kwa manesi.

"Tseka pakamwa, iwe. Ukufuna ukafikire pa Chileka ndi malaya awiriwa?"

Kenako anachita chimene sindinachiyembekezere. Anagwada. Pa tara pomwepo, masana dzuwa likuswa mtengo, manja pamodzi, n'kuyamba kufotokoza m'Chingerezi chawo cha kuntchito kuti wolakwa ndi iwo, anakwecha ndi iwo, mwanayu ndi wopusa chabe koma si wakuba. Bamboyo anabwerera m'mbuyo ngati waona njoka. Ankangoti dzukani, chonde dzukani, uku akuyang'ana uku ndi uku.

Kwathu mayi akagwada anthu amadziwa kuti nkhani ikutha. Kuno mayi akagwada pakati pa amuna awiri, kamera imaona zina. Chitseko cha polisi chinatseguka, wapolisi anatuluka, n'kumabwera molunjika kwa ife, dzanja lili palamba.

Miyendo yanga inafuna kuthawa, koma ndinadziwa kuti wakuda akathamanga pamalo ngati amenewo safika patali. Ndinaika manja poonekera. Wapolisiyo anafunsa azakhali ngati avulala, ngati pali amene wawagwetsa. Anakana, akadali chogwada. Wapolisiyo anatembenukira kwa ine, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, ndipo ndinaona funso lija likubwera. Koma anayamba wafunsa mkulu uja ngati pali dandaulo limene akufuna kupereka.

Bamboyo anayang'ana foni yake, anayang'ana makobili, anayang'ana azakhali. Sindidziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Ine ndinali nditafika kale ku Blantyre m'maganizo, ndikufotokozera bambo anga kumene kwapita ndalama za ng'ombe zimene anagulitsa.

"Palibe," anatero. "Mayiwa anatsuka siliva wakale ndi sitiliwulu. Chilango chake alandira kale."

Wapolisiyo anasuzumira pa boneti, anaimba kamluzu, n'kunena kuti agogo ake akanalira ataona siliva wotsukidwayo. Anathandiza azakhali kudzuka, anatiuza kuti tisatseke njira, n'kubwerera m'kati. Dzina langa sanafunse.

Ndinabweza ndalama pafoni. Bamboyo anandikankhira makobili aja, anandiuza kuti ndiphunzire kuwerenga meseji kawiri ndisanatumize. Mandasi anakana, anati ali ndi shuga, koma azakhali anamuikirabe pampando wa galimoto yake.

Pobwerera tinadzera ku Lafayette Road kuti azakhali agule nsomba zouma m'sitolo ya anthu a ku West Africa. Anandiuza kuti nditsike ndikawanyamulire. Ndinatsegula chitseko, koma sindinatsike. Ndinakhala momwemo, lamba ali chimangire, anthu akudutsa ndi matumba awo a mpunga. Mkulu uja sanadziwe, ndipo sadzadziwa, kuti pamene ankayang'ana foni yake paja anali atagwira moyo wanga wonse wa kuno. Mapepala anga mpaka lero sanakonzeke.