Tinkati Waledzera Fodya

Chizindikiro choyamba chinali kusanza. Mlongo wanga Limbani anasanza m'chigafa tikusoka fodya woyamba wa mu Januwale, ndipo tonse tinamuseka.

Anali atabwera kutchuthi kuchokera ku Amereka, kumene ankaphunzira pa koleji ina. Anamutengera kumeneko chifukwa cha mwendo wake wamanja, kuti azikasewera mpira. Mpira wa kumeneko ndi wosongoka mbali zonse ziwiri, osewera amavala zisoti zolimba n'kumagundana ngati nkhosa zamphongo, ndipo ntchito ya Limbani inali youmenya kuti ukagwere kutali. Chaka chimenecho timu yawo inagonja kwambiri. Pa masewero omaliza anamugunda n'kugwa chagada, mutu n'kumenyetsa pansi. Anadzuka msanga osauza aliyense, poopa kuti akamuchotsa mu timu ndiye kuti sukulunso yathera pomwepo.

Ife kuno ku Lisasadzi zimenezi sitinkazidziwa. Chimene timadziwa n'chakuti munthu akathyola fodya wonyowa ndi mame, mutu umamuwawa, amamva chizungulire ndipo amasanza. Timati waledzera fodya. Bambo anati, "Thupi laiwala kwawo limeneli. Mpatseni mkaka agone, mawa adzuka." Ine ndiye ndinkamutcha mzungu wa m'chigafa.

Mutu wake sunaleke kuwawa. Anayamba kugona masana, kuiwala zimene wangonena kumene, kupsa mtima ndi zinthu zazing'ono. Tinangomuchotsa ku fodya n'kumutuma kumunda wa chimanga. Tsiku loti akwere ndege linadutsa ali pamphasa, ife tikuti akapezako bwino anyamuka. M'mawa wina ndinamuona akukoka mwendo wamanja, patapata itavuka iye osadziwa. Apo ndinati tipite naye kuchipatala.

Kuchipatala cha kuboma tinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Anamuyeza malungo, sanawapeze. Namwino wina wachikulire anamuyang'ana m'maso nthawi yaitali n'kufunsa, "Mwanawe, unagwapo kapena kumenyedwa m'mutu?" Limbani anayang'ana pansi, kenako anafotokoza zonse. Palibe mmodzi wa ife amene anamufunsapo funso limeneli.

Anatitumiza ku Lilongwe. Kumeneko mzere wojambulitsa mutu unali wautali, ndipo tinadikira masiku angapo. Ndinkagona pansi pambali pa bedi lake, m'mawa n'kumatuluka kuti akolope, n'kukamuphikira phala pa mbaula yobwereka. Mawu ake anayamba kulemera. Tsiku lina ananditchula dzina la malemu mayi athu, ndipo ndinakalirira kuseri kwa wodi.

Atamujambula, dokotala anati, "Magazi akhala akutuluka pang'onopang'ono mkati mwa chigaza. Moyo tiupulumutsa, koma mwendowu mwachedwa nawo." Anamuboola chigaza n'kuchotsa magaziwo. Anatsitsimuka, anandizindikira, anapempha madzi.

Ali m'chipatala momwemo, mphunzitsi wake wa mpira anaimba foni. Analankhula mwaulemu kwambiri. Malo a Limbani mu timu anali ataperekedwa kwa wina, ndipo thandizo la sukulu linapita ndi malowo. Limbani anangoti zikomo.

Lero mutu unasiya kuwawa ndipo amalankhula bwinobwino. Amayenda ndi ndodo. Ntchito imene amagwira ndi yosankha fodya, poti imeneyo imatheka munthu atakhala pansi. Akumpingo amati tithokoze kuti ali moyo, ndipo timathokozadi, koma ndikanama nditati mtima wanga unakhazikika. Bambo anasiya kumuyang'ana kumaso.

Anzanga alimi, kuledzera fodya kumatha munthu akasamba n'kugona. Mukaona mutu ukupitirira mawa lake, musadikire kuti fodya athe kumunda. Pitani naye kuchipatala, ndipo mumufunse ngati anagwapo, chifukwa anyamata sanena okha.

Dzulo ana ankasewera mpira pabwalo, chikulunga chawo n'kugubuduka mpaka pamapazi a Limbani. Anafuula kuti achimenye. Iye anachiyang'ana kanthawi, kenako anandiuza kuti ndiwaponyere.