Njerwa za Paphiri Sizimangira Zimbudzi

Lachiwiri ndinanyamula mayi wina wokalamba ku Runda, kuno ku Nairobi, kupita nawo ku bwalo la ndege. Ndi amayi awo a abwana anga, kwawo ndi kumapiri a chipale ku Ulaya. Jamu itatigwira pa Mombasa Road, anatulutsa kachithunzi m'chikwama.

Kanali katchalitchi koyera, kali kokhakokha pamwamba pa phiri. Anati anamanga ndi oweta ng'ombe, pothokoza kuti chipale chitagumuka chinalambalala mudzi wawo. Chaka chilichonse anthu amakwera wapansi kukapemphera. Wopulumuka pa ngozi amajambula nkhani yake pakathabwa n'kukapachika pakhoma. Mwana amangowerenga makoma, mbiri ya mudzi waidziwa.

Kenako anandifunsa kuti, "Nanga tchalitchi cha kwanu anamanga ndani?"

Ndinayang'anitsitsa minibasi ya kutsogolo, kuno amati matatu, ngati yayamba kuyenda. Sindinkadziwa. Ine munthu wobatizidwira momwemo.

Inu cha kwanu mukudziwa?

Chinandilasa n'chakuti dzulo lake mng'ono wanga anali atandilembera kuti komiti yagwirizana zogwetsa tchalitchi chathu chakale cha paphiri Loweruka. Chatsopano chili m'munsi, m'mbali mwa msewu, malata ali waliwali. Njerwa za chakale amati amangire zimbudzi. Ine ndinali nditayankha mawu amodzi: chabwino.

Nditawatsitsa mayi aja ndinaimika galimoto pambali n'kuimbira malume anga, a Atanazio.

"Ndani? Wa ku Nairobi? Ndiye kuti ndamwalira osadziwa, poti iwe umaimba pa maliro pokha."

"Malume, tchalitchi cha paphiri anamanga ndi azungu?"

"Azungu ati? Mzungu anangobwera kudzawaza madzi. Amuna onse anali ku Joni. Anamanga ndi akazi, iwe!"

Anandifotokozera. Mmawa uliwonse, asanalowe kumunda, mayi aliyense ankasenza njerwa kuchokera kudambo mpaka pamwamba. Belu lija timaliseka ndi chitsulo cha gudumu la lole imene inagubuduka pamtsetse osapha munthu. Dalaivala wake anakwera nacho yekha paphewa. Kuyambira pamenepo anthu a midzi ina anayamba kukwera phirilo opanda nsapato pa Lachisanu Loyera.

Ndiye anayamba kutchula akaziwo mayina, mmodzimmodzi, osadodoma. Munthu amene amaiwala pomwe waika ndodo.

Ndinapempha mng'ono wanga awajambule mawu pafoni. Tinawaponya pa gulu la mpingo la pa WhatsApp.

Woyamba kuyankha anali wapampando wa komiti, a Kamwendo. "Achimwene a ku Nairobi, mbiri siletsa denga kudontha. Kugwa kwa khoma mudzamvera pafoni, ife tili pansi pake."

Sananame. Khoma lina linang'ambikadi. Ndinangowapempha kuti amvetsere mpaka kumapeto.

Lachinayi mmawa foni inalira. Anali iwo, mawu atasintha.

"Nangozo amene akutchulidwayo ndi agogo anga. Akuti ankasenza njerwa mwana ali kumbuyo. Mwanayo ndi bambo anga. Palibe anandiuzapo."

"Ndiye titani, apampando?"

"Wokhudza njerwa ija aonana ndi ine. Za zimbudzi tiumba zathu, manja tili nawo."

Loweruka anthu anakweradi phiri, koma ndi simenti ndi laimu. Ndili ndi chithunzi chake pano. Malume awanyamula pampando ngati mkwati, akuloza ndi ndodo pomwe alembe mayina. Amayi akuliza belu lija ngati kuli ukwati. Ndinachionetsa kwa Amalawi anzanga titatuluka Misa, ndipo mmodzi, bwana wamkulu kuntchito kwake, anapatuka kukaimbira azakhali ake.

Safunsa anadya phula. Ife amene tili kunja timakonda kutumiza malata ndi matailosi, dzina lathu liwerengedwe kuguwa. Sikulakwa. Koma timayesa kuti mbiri ndi ya azungu, yokhala m'mabuku ndi pamakoma awo. Yathu ili m'mutu mwa nkhalamba imene timangoifunsa ngati yadzuka bwino, n'kudula foni mayunitsi asanathe.

Tchalitchi chathu chaima. Tsiku lija ndinafunsa malume, chinali chitatsala masiku anayi okha kuti chigwetsedwe.

Nanga kwanu, agogo anu anasenza chiyani chimene komiti yagwirizana kale zogwetsa, inu n'kuyankha kuti chabwino?